Gmail yadzadza, ndadilita ma imelo ambirimbiri koma malo sakupezeka, nditani?

Funsoli labwera kuchokera kwa mayi wina mphunzitsi. Akuti: "Gmail yanga ikulemba kuti storage yadzadza ndipo anthu akundiuza kuti ma imelo awo akubwerera. Ndadilita ma imelo oposa 3000 pafoni, ndapanganso clear cache, koma palibe chasintha. Ndikudikira yankho la ntchito yomwe ndinafunsira. Kodi ndigule malo kapena ndingotsegula akaunti ina?"

Achemwali, musathamangire kugula malo, ndipo za akaunti yatsopanozo zisiyeni kaye chifukwa komwe munafunsira ntchitoko adilesi yomwe ali nayo ndi yakaleyi, akamayankha ayankhira komweko basi. Vuto lanuli limatha madzulo amodzi okha bola mudziwe chomwe mukusaka. Ma imelo 3000 mwadilitawo mwina anali a mawu okhaokha, uthenga wa ku Facebook woti uje wapanga like chithunzi chanu, zotsatsa malonda, zoterozo, nde zimenezo sizilemera ayi. Tingoyerekeza kuti iliyonse inali 50 KB, yonse pamodzi ikungokwana 150 MB, pomwe malo amene Google imapereka ulele ndi 15 GB, kutanthauza kuti mwatopa tsiku lonse nkuchotsa gawo limodzi lokha pa magawo 100. Koma imelo imodzi yokha yokhala ndi kavidiyo ka 20 MB ikulemera chimodzimodzi ndi ma imelo 400 a mawu aja. Chimene chimadya malo ndi zomwe zinamatidwa ku ma imeloko, ma attachment, zithunzi, ma PDF, mavidiyo, nyimbo, ndipo nthawi zambiri zolemeretsetsazo zimakhala zochepa, mukhoza kuziwerenga.

Clear cache mwapangayo siyikhudzana nazo nkomwe, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Pali malo a mufoni mwanu, Tecno kaya Itel kaya Samsung, ndiye palinso malo a akaunti yanu amene ali pa makompyuta a Google kutali uko. Clear cache imayeretsa mufoni. Uthenga woti storage yadzadza wa pa Gmail ukunena za akaunti. Mukhoza kugula foni yatsopano lero ya 256 GB, mukalowetsamo akaunti yomweyi uthenga uja ubweranso pompo.

Musanadilitenso kanthu kena, onani kaye kuti wadya malowo ndani. 15 GB ija si ya Gmail yokha, amagawana atatu, Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Tsegulani Chrome mulembe one.google.com/storage, mupeza mzere wa mitundumitundu ukuonetsa kuti aliyense watenga zingati. Ndimalimbikira kwambiri pamenepa chifukwa munthu amatha kulimbana ndi ma imelo sabata yonse chonsecho Gmail yangotenga 2 GB, zina zonsezo zili ku zithunzi. Kale zithunzi zomwe foni inkatumiza ku Google Photos pa high quality sizinkawerengedwa, koma kuyambira pa 1 June 2021 chilichonse chatsopano chikuwerengedwa. Chinanso chomwe chagwira anthu ambiri ndi WhatsApp. Kwa zaka ndithu backup ya WhatsApp ya mafoni a Android inkasungidwa ku Google Drive osadya malo anu, koma kuyambira kumapeto kwa 2023 mpaka mkati mwa 2024 anasintha, pano ikuwerengedwa. Nde ganizani magulu onse muli nawo aja, la kutchalitchi, la aphunzitsi, la banja, la banki mkhonde, la omwe munaphunzira nawo limodzi, aliyense akuponya mavidiyo mmawa ndi madzulo ndipo zonsezo zikukalowa mu 15 GB yomweyo. Ngati ndi choncho pitani pa WhatsApp, Settings, Chats, Chat backup, muzimitse pomwe alemba Include videos, backup yotsatira idzachepa kwambiri.

Tiyerekeze tsono kuti mwaona ndipo Gmail ndiyo yatupa. Gmail ilibe batani losanja ma imelo kuyambira wamkulu kutsikira kwa wamng'ono, chomwe ili nacho ndi bokosi losakira lili pamwamba lija, ndipo limamva mawu ena apadera. Lembani mmenemo larger:10M ndendende mmene ndalemberamu, osasiya mpata pakati. Ikubweretserani ma imelo okhawo oposa 10 MB. Ngati atuluka ambiri yambani ndi larger:20M, mukathana nawo mutsike ku larger:10M, kenako larger:5M. Ma imelo 100 a 10 MB ndi 1 GB yathunthu, ndiye muona nokha kuti ntchito yake siyambiri. Zimagwira pafoni ndi pakompyuta pomwe.

Mawuwa amatheka kuwaphatikiza, ndipo mpamene amakoma. has:attachment ikupatsani imelo iliyonse yokhala ndi fayilo. Mukalemba has:attachment larger:5M older_than:2y mupeza zazikulu zomwe zadutsa zaka ziwiri, zomwe mwina munaiwala kuti ziliko. Mukafuna kudulira pa tsiku lenileni lembani before:2021/01/01, chaka choyamba kenako mwezi kenako tsiku. filename:mp4 ikusakirani mavidiyo, filename:mp3 nyimbo ndi maulaliki aja anthu ankatumizirana, filename:pdf ma PDF, filename:pptx zowonetsa za ku ma workshop zomwe zimalemera modabwitsa chifukwa cha zithunzi zodzadza mkatimo, filename:zip mafayilo omangidwa pamodzi. Ngati mukudziwa munthu amene amakonda kukutumizirani zolemera lembani from: nkutsatiza adilesi yake, kenako larger:2M. Ine ndimayamba ndi mavidiyo ndi ma zip nthawi zonse, amenewo ndiwo amabweza malo msanga.

Koma kwa inuyo amene mukufunsira ntchito, komwe ndikukayikira kwambiri ndi ku Sent. Anthu amaiwala kuti zomwe watumiza iweyo zimatsalanso mu akaunti yako ndipo zimawerengedwa. Lembani in:sent has:attachment larger:3M muone. Chimachitika nchakuti munthu wapita pa shopu yosikana, amusikanira setifiketi ya MSCE, dipuloma, chiphaso cha unzika mbali zonse, kalata ya umboni ya kwa ahedi, chilichonse fayilo yakeyake yamitundu, mwina 3 MB kapena 4 MB imodzi, kapena wangojambula ndi kamera ya foni zomwe zimalemeranso chimodzimodzi. Imelo imodzi yofunsira ntchito ikufika 15 MB kapena 20 MB. Nde watumiza ku sukulu iyi, ku bungwe ilo, ku ofesi ya boma, chaka ndi chaka, ndipo ulendo uliwonse Gmail ikusunga mafayilo omwewo mwatsopano ngati sinawaonepo. Mukapanga Forward ndi chimodzimodzi, fayilo ija yaberekana. Kuwonjezera apo fayilo ikamatidwa ku imelo imasinthidwa kuti idutse ngati malemba, ndipo potero imakula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ya 15 MB imakakhala pafupifupi 20 MB. Nchifukwa chake nthawi zina fayilo yooneka kuti ili pansi pa malire imakanidwa kwa wolandira. Gmail imalola kutumiza mpaka 25 MB ndi kulandira mpaka 50 MB pa imelo imodzi, ikaposa 25 MB imaiyika ku Drive nkutumiza link mmalo mwake. Masetifiketi amenewa mukufunika kope limodzi labwino, ena onsewo achoke. Onaninso from:me to:me, awa ndi ma imelo omwe munkadzitumizira nokha pofuna kusamutsa fayilo kuchoka pafoni kupita pakompyuta ya ku ofesi, ambiri ntchito yawo inatha tsiku lomwelo.

Tsono apa ndipofunika kudekha. Pa Gmail simungachotse attachment yokha nkusiya imeloyo, zimapitira limodzi. Ndiye musanadilite tsegulani imelo iliyonse yayikulu muone ngati muli chinthu chofunika, chithunzi cha malemu agogo chomwe mlongo wanu anatumiza ali ku Johannesburg, pepala la malo, kalata yokulembani ntchito, ma pay slip, zotere sizigulidwa pamsika. Chofunikacho chipangeni download, muchitsegule kaye kuti mutsimikize kuti chatsika bwinobwino, ndiye mudilite. Ndipo chisungeni kunja kwa Google, pa fulashi, pa memori khadi, pa laputopu, makamaka malo awiri chifukwa fulashi imasowa ndipo imafa osatsanzika. Pali kabatani pa attachment kolembedwa Add to Drive, kamakopa chifukwa nkosavuta, koma Drive ili mu 15 GB yomweyo, mukakadina osadilita imeloyo ndiye kuti fayilo imodzi yadya malo kawiri. Kali ndi ntchito pokhapokha ngati fayilo yomweyo ili mma imelo khumi, mwasunga imodzi ku Drive nkudilita khumiwo.

Ngati mawu a mu imelomo ndi omwe mukufuna koma fayiloyo ayi, njira ilipo. Pangani Forward kwa inu nomwe, musanatumize dinani kamtanda kali pambali pa attachment kuti ichoke, tumizani, kenako mudilite yoyamba ija. Koma samalani, Gmail imamanga ma imelo a nkhani imodzi pamodzi, mukadina kabini ka pamwamba mudilita mtolo wonse kuphatikizapo yatsopanoyo. Pakompyuta, tsegulani uthenga umene mukufuna kuchotsawo, dinani timadontho titatu tili pambali pakepo, musankhe kudilita uthenga umodzi wokhawo.  Ndinenenso kuti imelo yomwe ingadzafunike ngati umboni, za ngongole, za mgwirizano wa ntchito, za mlandu, imeneyo isiyeni mmene ilili ngakhale ikhale yolemera, chifukwa ya Forward siyikhalanso yoyambirira, tsiku ndi wotumiza zimasintha. 20 MB isakutayitseni umboni.

Archive musaidalire. Anthu ambiri pafoni akamakhwekhwereza imelo kumbali amaganiza kuti adilita, chonsecho kawirikawiri foni imakhala yatcheredwa kuti ipange archive, imelo yangochoka mu Inbox nkupita ku All Mail. Zili ngati kuchotsa thumba la chimanga pabalaza nkukaliika kuchipinda, nyumba ndi yomweyo ndipo malo sanawonjezereke. Mwina ena mwa 3000 anu aja anangopita kumeneko.

Ndipo ngakhale munadilitadi, pali chinthu chimodzi chomwe ndikukhulupirira kuti simunachite chifukwa simunachitchule. Imelo yodilitidwa imapita ku Trash, mafoni ena amalemba Bin, imakhala kumeneko masiku 30 ndipo masiku onsewo ikuwerengedwabe pa malo anu. Spam nayonso chimodzimodzi, masiku 30. Nde mukamaliza kusankha pitani ku Trash, yang'ananinso kamodzi ngati simunaponyemo chofunika mwangozi, kenako dinani Empty Trash now. Zikachoka pamenepo zapitiratu, palibe kubweza, nchifukwa chake ndikuti muyang'ane kaye. Google Drive ili ndi Trash yakeyake, Google Photos ilinso ndi yake, iliyonse muyikhuthule payokha. Mukatero musadabwe ngati nambala ya storage siyitsika nthawi yomweyo, mukachotsa zambiri pakamodzi imatha kutenga maola angapo, nthawi zina masiku awiri kapena atatu, isanasinthe.

Ntchito yonseyi imaphweka pakompyuta. Kumeneko mukasaka, mumadina kabokosi ka pamwamba kumanzere kusankha onse ali patsambalo, kenako pamatuluka mawu oti Select all conversations that match this search, mukadina amenewo mwasankha onse ngakhale akhale 5000. Izi nzabwino pa zinthu ngati category:promotions older_than:1y kapena category:social, zomwe simufunika kuziona imodziimodzi, ngakhale monga ndanenera malo obwera kuchokera kumeneko ndi ochepa. Pa ma imelo akuluakulu aja musasankhe onse mwachimbulimbuli ayi. Ngati kompyuta yake ndi ya pa cafe kapena ya ku staff room, mukamaliza tulukani mu akaunti, ndipo mutsegule foda ya Downloads mudilite zomwe munatsitsa mutazikopera pa fulashi yanu. Ndimaona kawirikawiri pa makompyuta a anthu onse, utsegula Downloads nkupeza ziphaso za unzika za anthu, masetifiketi, ma statement a ku banki, zangokhala poyera aliyense wobwera pambuyo akhoza kuzitenga, ndipo ndi zomwezo akuba amagwiritsa ntchito ponamizira kukhala inuyo.

Za bandulo musade nkhawa kwambiri, kusaka ndi kudilita sikudya data yambiri. Chimene chimadya ndi download, mukatsitsa mafayilo a 1 GB ndiye kuti 1 GB ya bandulo yapita, choncho zotsitsazo zichitireni pomwe pali WiFi. Kwa amene akufuna kusunga chilichonse asanadilite, pali takeout.google.com, Google imakumangirani ma imelo onse mu fayilo imodzi ya mtundu wa mbox yomwe imatsegulidwa ndi pulogalamu ngati Thunderbird. Nzabwino koma fayilo yake imakhala yaikulu mofanana ndi Gmail yanu yonse, pa netiweki yodukaduka imavuta, ine kwa munthu ngati inu ndingati ingosankhani pamanja zomwe zili zofunika.

Ngati zolembalemba mu bokosi losakira zikukutopetsani, pa tsamba la storage lomwe lija pali polembedwa Free up account storage kapena Clean up space, Google imakusonkhanitsirani yokha ma imelo a ma attachment akuluakulu, za mu Spam, za mu Trash, mafayilo akuluakulu a ku Drive ndi mavidiyo a ku Photos. Nkoyambira kwabwino ndithu ndipo sikulipiritsa. Ku Drive mukadina Storage kumanzere mafayilo amasanjika kuyambira lalikulu. Zomwe anthu ena anakugawirani, za mu Shared with me, sizidya malo anu, zimadya a mwini wake, nde musavutike nazo. Ku Photos chenjerani kawiri, mukadilita chithunzi mu app ya Google Photos chimachoka ku akaunti ndi mufoni momwe, ndipo batani lakuti Free up space la mmenemo limachotsa za mufoni nkusiya za ku akaunti, zomwe ndi zosiyana ndi chimene mukufuna inuyo. Koperani kaye zithunzizo pa kompyuta kapena memori khadi musanakhudze chilichonse kumeneko.

Chenjezo lina, ndipo ili ndikulinena ndi mtima wonse. Mukayamba kuvutika ndi storage mumakhala nyama yosavuta kwa akuba. Pamabwera ma imelo ooneka ngati a Google kapena a cloud inayake, akuti malo anu adzadza dinani apa mulandire 50 GB yaulele kapena zithunzi zanu zifufutidwa lero, mukadina akufunsani pasiwedi kapena nambala ya khadi la ku banki. Musadine link ya mu imelo yotero, lembani nokha adilesi ya one.google.com mu Chrome. Zoona zake nzakuti Google imanena kuti ikhoza kufufuta zinthu za munthu amene wakhala mopyola malire kwa zaka ziwiri, ndipo imachenjeza kaye, za lero lomwe kapena maola 24 ndi bodza. Chimodzimodzi ma app omwe amalonjeza kukuyeretserani Gmail, kuti agwire ntchito mumawapatsa chilolezo chowerenga ma imelo anu onse, mmene muli ziphaso ndi za ku banki. Pa ntchito yoti mukhoza kuichita nokha ndi larger:10M sindikuona chifukwa chopereka makiyi kwa mlendo.

Amene ali pa Outlook kapena Hotmail nkhani yake ndi yofananako koma pali kamsampha kena. Bokosi la ma imelo ndi 15 GB, koma kuyambira February 2023 ma attachment amawerengedwanso ku 5 GB yaulele ya OneDrive, malo osungira mafayilo a Microsoft, ndiye munthu amatha kutsekeredwa bokosi lake lisanafike ndi theka lomwe. Ubwino wake kumeneko ma imelo amatheka kuwasanja potengera kukula, aakulu nkubwera pamwamba.

Pa funso lanu logula malo, Google One, yomwe ndi njira yogulira malo owonjezera kwa Google, imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka. Kwa wojambula zithunzi kapena wa bizinesi yemwe mafayilo ndiwo ntchito yake, nzomveka. Kwa inu ndikuona kuti ayi, chifukwa imafuna khadi lolipirira kunja, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno kwathu mwezi wina malipiro akhoza kukanika, mukatero mwabwerera pa 15 GB muli ndi katundu woposa pamenepo, Gmail nkutsekekanso. Yambani mwayeretsa, mukaona kuti zomwe zatsala nzofunika zokhazokha ndipo malo sakukwanabe, pamenepo mpomwe mungaganize zogula. Akaunti yachiwiri ili ndi ntchito yake, mukhoza kuisandutsa ya Facebook, zotsatsa ndi backup ya zithunzi, iyi nkukhala ya ntchito ndi za ku banki zokha.

Kuti zisabwererenso, masetifiketi aja asikaneninso kamodzi mwaukhondo. Auzeni a pa shopu asikane pa 150 dpi, ya black and white kapena grayscale pomwe mtundu suli wofunika, onse alowe mu PDF imodzi. App ya Google Drive pafoni ilinso ndi kabatani ka kamera kosikanira mapepala nkuwasandutsa PDF. Masamba asanu kapena asanu ndi limodzi akhoza kukwana mu 2 MB nkumawerengeka bwinobwino, ndipo wolandira kumene mukufunsira ntchitoko zimamuphwekera kutsegula fayilo imodzi kusiyana ndi zithunzi zisanu ndi zitatu zobalalika. Pofunsira ntchito matani fayiloyo ku imelo, musatumize link ya Drive pokhapokha atanena okha, chifukwa link imatha kukana kutseguka ngati simunapereke chilolezo ndipo palibe amene adzakuyimbireni kuti mukonze. Link isiyireni mavidiyo ndi zithunzi za ukwati zotumizira abale.

Chomaliza chomwe chili chachangu kuposa zonse, nthawi yonse yomwe akaunti inali yodzadza ma imelo obwera kwa inu amabwezedwa kwa owatumiza, ndipo musayembekezere kuti malo akapezeka onse adzangofika okha. Nde lero lomwe chotsani ma imelo akuluakulu okwana ngakhale 1 GB, khuthulani Trash, mupemphe mnzanu akutumizireni imelo yoyesera kuti muone ngati ikulowa. Ikalowa, imbani foni kapena lembani kalata yaifupi yaulemu komwe munafunsira ntchitoko, muwauze kuti imelo yanu inali ndi vuto masiku apitawa ndipo ngati anatumiza uthenga uliwonse akutumizireninso.